Njerwa za pa Chiliza cha a Dyusi

Tsiku lovundukula chiliza cha atate, amalume a Yobe anaimirira pamaso pa anthu atavala jekete, dzuwa la ku Kakumbi likuswa mtengo, n'kunena kuti mlamu wawo anali munthu wokonda tenisi kuposa wina aliyense m'chigwa chonse cha Luangwa. Anatinso njerwa zonse zomangira chilizacho apereka ndi iwo, chifukwa cha chikondi. Anthu anawomba m'manja mwaulemu. Anga anali pamiyendo ndipo anakhala pomwepo. Njerwazo ndinali nditaziona mmisiri asanazipake simenti, ndipo ndinadziwa kumene zinachokera.

Dzina la atate linali Wedisoni Tembo, koma mukanafunsa dzina limenelo pamsewu wa ku Mfuwe anthu akanakuyang'anani ngati mwasochera. Onse ankawadziwa kuti a Dyusi. Ndi mawu amene woweruza wa tenisi amanena osewera awiri akalingana mphamvu, ndipo atate ankawatchula paliponse. Anthu akamakangana pachigayo osagonjerana, iwo ankadutsa pa njinga yawo n'kungoponya kuti "dyusi", osaima n'komwe. Kwawo kunali kumtunda, kufupi ndi Chipata. Kuno anadzera ntchito, anakhalira amayi, ndipo monga mwa mwambo wathu anamanga nyumba pamudzi pa akazi awo. Mawu akuti mkamwini sankawakonda. Ankati munthu amene wabzala mango pamalo, n'kudya zipatso zake, n'kuona ana ake akugwa mumtengomo, sangamatchedwebe mlendo.

Matenda a tenisiwa anawatenga ku migodi ali mnyamata. Anapeza ntchito pa kalabu ya akuluakulu a mgodi, yothirira mabwalo ndi kuwasalaza m'mawa. Palibe anawapatsa raketi kuti ayeseko, choncho masewerawo anawaphunzira ndi maso. Ankasimba kuti poyamba ankaona ngati ndi misala, anthu akuluakulu kuthamangitsa kampira kochepa ngati ndimu. Chimene chinawagwira si mpirawo ayi, koma bata. Ankati sanaonepo kwina kumene khamu la anthu limakhala chete chifukwa chofuna kuti munthu mmodzi achite bwino ntchito yake. N'chifukwa chake mpira wamiyendo ankaunyoza poyera, ankati ndi masewera a anthu amene makolo awo sanawaphunzitse kudikira.

Zaka zambiri anagwira ntchito yochapa ndi kusita pa kampu ina ya alendo odzaona nyama ku Nkwali. Ankasita ndi simbi ya makala ngakhale magetsi atabwera, ati yamagetsi ilibe kulemera. Nsalu za pabedi zikakhala pachingwe iwo ankakhala pafupi ndi legeni chifukwa cha anyani. Kunyumba analinso chimodzimodzi. Anali ndi malaya oyera, kabudula woyera ndi chipewa choyera, zimene sankavala kutchalitchi kapena kuukwati. Zinali za ku mpikisano basi, ndipo amayi ankanena kuti zovala zimenezo zimagona pabwino kuposa ana awo.

Mpikisano umene ankaufuna unkachitika ku Lusaka nyengo yachilimwe, pamene kampu imadzaza ndi alendo ndipo wantchito aliyense amafunika. Chaka chilichonse nkhondo inali yomweyo. Atate ankasunga masiku awo opuma ngati mbewu, osapita kumaliro akutali, osadwala, kenako n'kukaima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja. Bwana wina watsopano atawakaniza, anamuuza kuti nsalu zikachapidwa zimadanso mawa lake, koma fainolo siibwerezedwa. Anapita, atabwerako anapeza ntchito yawo ilipo, chifukwa panalibe wina wodziwa kusita kolala ngati iwo.

Sindikufuna kuwayeretsa ngati malaya awo aja. Atate anali munthu wamakani, ndipo tenisi inatidyera zambiri. Munda wathu unali womalizira kupaliridwa. Tsiku la chinkhoswe changa anafika anthu akumwazikana, fumbi la mumsewu lili m'nsidze, ndipo m'malo mopepesa anakhazika pansi apongozi anga n'kuyamba kuwafotokozera mmene mnyamata wina wamanzere anabwezera mpira umene aliyense ankati wapita. Ndinalira tsiku limenelo, ndipo ndinatha mwezi osawalankhula. Iwo sanazindikire n'komwe kuti sindikuwalankhula.

Kunyumba masewera akunja ankawatsata movutikira. Ma TV a m'mabala ndi a mpira wamiyendo, ndiye iwo ankapita masana kusanadzaze, n'kugula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, n'kupempha kuti awasinthire. Ankakhala okha pabenchi, mutu ukupita uku ndi uku ngati namzikambe, ndipo wina akalankhula pakati pa mpira ankamukwezera dzanja ngati wapolisi. Anyamata akayamba kulowa ankawalanda limoti, iwo n'kutuluka akung'ung'udza, masewera ali pakati.

Koma chimene anthu adzawakumbukire nacho ndi bwalo. Kuseri kwa nyumba yathu kunali malo athyathyathya amene sankabereka kanthu, ndipo agogo aakazi adakali moyo anawalola kuti achitepo zimene akufuna. Atate anati amangapo bwalo la tenisi ngati a ku migodi, a dothi la pachulu. Kuno ng'ombe n'zosowa chifukwa cha ntchentche za kashembe, ndiye ngolo kunalibe. Dothi lonselo analituta ndi wilibala pa masiku awo opuma, kuchokera ku zulu za kumunda kwa banja la amayi. Ankaliphwanya, n'kulisefa ndi waya, n'kuliyala, n'kulithira madzi a pamjigo, kenako n'kugubuduzapo mgolo wodzaza mchenga mpaka pakhale gwa. Chaka chilichonse ankawonjezera lina pamwamba, moti bwalolo linakwera kuposa nthaka yozungulira. Mizere ankailemba ndi njereza. Mizati iwiri ya ukonde inali ya tsanya, mtengo umene chiswe chimaulephera, ndipo mtunda wa pakati pake anaupima ndi mapazi, mongokumbukira za ku migodi. Ukonde weniweni analibe. Ankamangapo ukonde wakale wa asodzi, umene unkagwa pakati ngati msana wa bulu.

Anthu ankasewerapo ndithu. Aphunzitsi a pasukulu, namwino wina wa pachipatala, ana a m'mudzi, onse pogwiritsa ntchito maraketi amene alendo ankasiya ku kampu ndi timipira tothothoka ubweya timene atate ankatola ku Lusaka. Eni akewo bondo linkawavuta, choncho anakhoma mpando wautali pambali pa mzati, n'kumakhalapo akuwerenga mapointi. Amene sanamenyepo mpira bwinobwino moyo wawo wonse ndi amene ankadzudzula aliyense.

Adani a bwalolo anali atatu: mbuzi, amayi ndi njovu. Mbuzi ankazithamangitsa. Amayi ankaona kuti malo osalala ngati amenewo Mulungu anawapangira kuyanika mphale, ndipo atate akangopita kuntchito mphasa zinkatuluka. Nkhondo imeneyo inatha zaka, mpaka anagwirizana kuti mphale izikhala kunja kwa mizere. Njovu zokha ndi zimene sanagwirizane nazo. Nthawi ya dzinja zikamapita kuminda zinkadutsa pomwepo, n'kusiya mapazi akuya ngati ndowa, ndipo dzuwa likawomba maenjewo ankauma ngati mwala. Mvula ikatha atate ankayambiranso ndi wilibala yawo. Sindinawamvepo akuzitukwana. Ankati njovu imabwera ikuoneka, ndipo siinamizira kuti ndi mnzako.

Panali lamulo limodzi limene sankalola kuti liphwanyidwe. Pa tenisi ya anthu wamba, mpira ukagwa mbali yako ndiwe amene umanena ngati walowa kapena watuluka, ngakhale kuti kunena zoona kukuluzitsa. Atate ankati apa ndi pamene pali ulemu wonse wa masewerawa, kuti mdani wako amaika mlandu wake m'kamwa mwako. Mwana akanama za mzere ankamuchotsa pabwalo sabata yathunthu. Ndipo masewera akatha, wopambana ndi wogonja ankayenera kubwera pa ukonde n'kugwirana chanza, kaya wina akulira. Ankati chanza chimenecho si chikondi, n'chizindikiro chakuti zatha, palibenso chokambirana.

Amayi atamwalira, tsiku lometa litafika, abale awo anakhala pansi kuti awasudzule atate monga mwa mwambo, kuti akhale omasuka kubwerera kwawo ngati akufuna. Wolankhula anali amalume a Yobe, mlongo wawo wa amayi, amene tsopano anali mkulu wa banja. Ndinalipo, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira.

"Alamu, ife takumasulani chifukwa ndi mwambo chabe. Koma simupita kulikonse. Pano ndi panu. Zonse zimene munagwira ndi manja anu n'zanu mpaka Mulungu adzakuitaneni."

Atate anawomba m'manja, misozi ili m'maso. Kwawo kumtunda kunalibenso wowadziwa, ndipo anakhulupirira mawuwo mmene ankakhulupirira munthu wonena za mzere mbali yake.

Patapita zaka zingapo, atate atapuma ntchito, bondo linakula ndipo anadumpha mipikisano iwiri. Chaka chotsatira amalume anabwera kunyumba m'mawa wina akumwetulira.

"Mwauka bwanji, alamu? Nanga chaka chino ku Lusaka simupita?"

"Mwendo, alamu. Ndekha sindingakwere basi."

"Ndiye amake Dali alipo bwanji? Akuperekezeni. Matikiti ndagula kale, minibasi ya six koloko. Ndipo musathamangire kubwera, mukhale mpaka fainolo, muonenso abale. Bwalo lanu ndiziliyang'anira ine, mbuzi siipondapo."

Amake Dali ndine. Ndinasangalala, ndinawathokoza amalume mpaka kugwada. Akazi awo anatikazingira nkhuku ya kamba. Galu wamkota sakandira pachabe, koma ndani amaganiza za galu pamene mlongo wa mayi ako wakupatsa nkhuku?

Ulendo umenewo ndi umene ndinawaonera atate bwinobwino. Minibasi inaima nthawi yaitali pa Jumbe kudikira anthu, iwo osadandaula, zovala zoyera zili m'pepala pamiyendo kuti zisakwinyike. Pa Chipata tinakwera basi yaikulu. Titafika pa mlatho wa Luangwa, pamene amagulitsa nsomba zouma, anandilozera madzi n'kunena kuti amenewo adutsa kwathu, atiperekeza. Ku Lusaka tinkagona kwa msuweni wawo ku komboni, ndipo m'mawa uliwonse ankasita malaya ositidwa kale.

Ndinkayembekeza khamu. Ndinapeza mabenchi ochepa, makolo a osewera, ndi atate pakona yawo pansi pa mtengo, pamene anati akhala akukhala zaka zonse. Mtedza wophika anali nawo m'thumba koma sankaswa mpira uli m'mwamba. Wosewera akamenya bwino ankawomba m'manja, kaya ndi wa mbali iti. Ndinaona nkhalamba ya bondo lotupa ikukhala tsonga ngati mwana wa sukulu, nkhope ili ngwee, ndipo za chinkhoswe changa zija ndinaziiwala tsiku limenelo.

Tsiku la fainolo litatha, bambo wosamalira mabwalo, amene ankawadziwa atate chifukwa chowaona chaka ndi chaka, anawaitanira kuseri. Kalabu inali itasintha maukonde, ndipo wakale umodzi unali bwinobwino, wa waya wachitsulo ndi lamba woyera pamwamba. Anawapatsa. Pomwepo panalinso mphunzitsi wa ana osewera, amene atamva za bwalo la dothi la pachulu pakati pa njovu, analonjeza kuti sukulu zikatsekera abwera ndi ana ake kudzaona nyama, n'kuseweranso masewera enieni pabwalo la a Dyusi. Anapatsana manambala a foni. Atate anakana kuti ukondewo ulowe pansi pa basi ndi katundu wina. Unakhala pamapazi pathu njira yonse, ndipo iwo ankangodandaula chinthu chimodzi.

"Amake Dali, nanga ukapanda kukwana? Mizati ija ndinapima ndi mapazi. Mwina mapazi anga a unyamata anali ena."

Tinatsika pamsewu masana. Ine ndinasenza ukonde pamutu, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, akuyenda msanga kuposa masiku onse. Ana amene nthawi zonse ankatithamangira anatiyang'ana patali. Mayi wina woyandikana nafe anati "mwaswera bwanji" maso ali pansi, n'kulowa m'nyumba. Titazungulira nyumba yathu tinapeza dzenje lalikulu, lamakona anayi, lodzaza matope opondedwa. M'mbali mwake munali mizere ya njerwa zaziwisi zofunditsidwa udzu, zikombole zili m'madzi, ndipo chapatali anyamata aganyu anali atayamba kale kupanga uvuni. Mizati iwiri ya tsanya anaisiya, chifukwa inawakanika kuzula.

Zulu za pafupi zinali zitatha kalekale chifukwa aliyense pamsewu akumanga. Dothi labwino la njerwa lotsala m'dera lonselo linali la atate, losefedwa kale, lopanda mwala ndi umodzi womwe. Amalume ankafuna kumanga bala ya mowa, ndipo ankadziwa kuti atate alipo sangakumbe. Choncho anagula matikiti awiri, n'kundisandutsa ine ndodo yowachotsera pamudzi. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinachikhululuke.

Ndinaponya ukonde pansi n'kuyamba kukalipa. Amalume anabwera akupukuta matope m'manja.

"Iwe mwana, khala chete, izi n'za akulu. Alamu, musakwiye. Malo ndi a banja, zulu zinali za banja. Ine ndinati nyumba ndi yanu, ndipo ndani wakhudza nyumba? Masewera sadyedwa, alamu. Bala ikatha muzidzaonera tenisi yanu pa TV yaikulu, free."

Atate anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali, chipewa choyera chili kumutu. Kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka pa mzati wa kumpando wawo, anaima pamene ukonde unkayambira, n'kutambasula dzanja. Amalume anathamangira, analigwira ndi manja awiri, akuseka ndi mpumulo, n'kutembenukira anthu amene anasonkhana.

"Mwaona? Munthu wamkulu uyu. Nkhani yatha."

Pamenepo pokha ananena zoona. Aliyense amene anasewerapo pabwalo lija anadziwa tanthauzo la chanza chimenecho, koma amalume sanapondepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo mpaka imfa yawo, atate sanalankhulenso nawo. Amalume akapereka moni, iwo ankayang'ana mtengo. Bala itatha anatumiza uthenga kangapo kuti TV yabwera, koma atate akafuna kupita kumsika ankawolokera tsidya lina la msewu kuti mthunzi wa khoma la balayo usawakhudze.

Chimene chinandiswa mtima kwambiri chinachitika mawa lake la tsiku lija. Anandipempha foni kuti aimbire mphunzitsi wa ku Lusaka. Ndinali pakhomo ndikumva.

"Pepani aphunzitsi, musabwere nawo anawo. Bwalo lawonongeka. Ee, njovu. Njovu zachita."

Munthu amene ankachotsa mwana pabwalo chifukwa chonama za mzere, ananamizira njovu m'chilimwe, pofuna kubisa manyazi a banja limene linawapusitsa. Atabweza foni sanandiyang'ane. Zovala zoyera anazichapa, anazisita, anaziika m'sutikesi, ndipo ku Lusaka sanapitenso. Ukonde unalowa pansi pa bedi osamasulidwa. Ankakhala pakhonde la kutsogolo, kumene dzenje silioneka, ndipo anthu akamakangana pamsewu mawu awo aja sanawaponyenso. Anamwalira mvula ili pakati, atadwala masiku ochepa. Pamaliro amalume anauza anthu kuti iwo ndi mlamu wawo analekana bwino, anagwirana chanza pamaso pa mudzi wonse.

Njerwa za chiliza zinali zotsala za uvuni womwe uja, zimene zinakhala kuseri kwa bala zikumera ndere. Ndinazidziwa ndi timadontho toyera ta njereza timene tili m'kati mwake. Ndinafuna kuzibweza, koma akulu anati mphatso ya pamanda siikanidwa, ndipo ine ndine mwana wamkazi wa banja lomwelo, ndilibe kwina kopita nawo mlandu. Ena amanditonthoza kuti zakhala bwino, a Dyusi agona pansi pa bwalo lawo. Ine sindivomereza. Dothi lija analiwotcha, ndipo amene analiba ndi amene anawomberedwa m'manja.

Mawa lake la chiliza ndinapita kuseri kwa nyumba. Dzenje lilipobe. Dzinja limadzaza madzi ndi achule, ndipo njovu tsopano zimaima pomwepo kumwa, moti a pabanja la amalume amadandaula kuti zikufika pafupi kwambiri ndi nyumba. Chilimwe chino ndi louma, matope ake ang'ambikang'ambika, m'mbali mwamera chisoso. Mpando wautali unagwa chammbali ndipo palibe anautola, ngakhale ofuna nkhuni. Mgolo wa mchenga uli pansi pa mango, wachita dzimbiri. Mizati iwiri ya tsanya yokha ndiyo yaima monga kale, uku umodzi, uko umodzi.

Ndinaitana amuna anga kuti tikatulutse ukonde pansi pa bedi. Unali wolemera, wonunkha fumbi, ndipo mbewa zinali zitadyako pakona. Iwo anakoleka waya pa mzati wina, ine ndinatsikira m'dzenje n'kuwoloka nawo mpaka pa unzake, ndipo tinakoka. Unakwana ndendende, osatsala, osaperewera. Lamba woyera anawongoka kuchokera pa mzati mpaka pa mzati, ndipo m'munsi mwake munkalendewera m'malere, pamwamba pa dzenje, popanda nthaka yoti ukhudze. Amuna anga anafunsa ngati tiumasule dzuwa lisanauwononge. Ndinati ausiye pomwepo, chifukwa kuchokera pakhomo la bala umaoneka bwinobwino.